Safunsa Anadya Phula, Ngakhale Anali ndi Bandulo

Akuluakulu akale sanatiuze kuti a Safunsa anali a mudzi uti, kapena kuti mfumu yawo inali yani. Anangotiuza chinthu chimodzi: bamboyu anapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo m'malo mofunsa kuti chodyedwa n'chiti, cholavula n'chiti, anangotafuna zonse n'kumeza. Anzake ananyambita uchi, iye anakhuta phula. Koma mbumba anasiya, yambirinso, chifukwa adzukulu ake timakwera nawo minibasi tsiku ndi tsiku. Chasintha n'chakuti a Safunsa a lero ali ndi foni yamakono ndi bandulo ya mwezi wathunthu, ndipo mukawauza kuti safunsa angakumenyeni. Iwo amati amafunsa kuposa makolo awo onse. Amafunsa Google, amafunsa Facebook, amafunsa pagulu la WhatsApp la anzawo a ku sekondale. Amene samufunsa ndi munthu wokhala pamalopo.

Mwambiwu umakoma kuuyesera ku Rumphi, pakuti kumeneko uchi ndi phula si nkhani ya m'nthano. Midzi yozungulira phiri la Nyika ili ndi alimi a njuchi enieni, ndipo mwana wa kumeneko amadziwa polavulira. Koma phula lomwe ndikunena ine silipezeka mumng'oma. Limapezeka m'chipinda chogona alendo, cha m'ma 9 koloko usiku, munthu atalipira kale.

Phula loyamba a Safunsa amalidya asananyamuke, pomwe akuuza akazi awo kuti, "Ndikagona ku Rumphi." Rumphi wake uti? Bomali lili ndi nyengo zingapo tsiku limodzi lomwelo. Kunyanja, cha ku Chiweta ndi ku Mlowe, mwezi wa October munthu amagona chitseko chili pululu, thukuta lili kamukamu. Mukakwera ku Livingstonia, paphiri la Khondowe, juzi imayamba kukhala ndi ntchito. Mukafika ku Chelinda pa Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000, miyezi ya June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo m'nyumba za alendo amakoleza moto kuti anthu aone tulo. Kumadzulo ku Vwaza Marsh, m'mbali mwa nyanja ya Kazuni, oyandikana nawo nyumba ndi njovu ndi mvuu, ndipo masana kashembe amabwera kudzakupatsani moni. Pamapu a pafoni zonsezi zimaoneka zoyandikana, zala ziwiri basi. Pansi pano, kuchoka pa boma kukafika ku Chelinda kudzera pa geti ya Thazima ndi makilomita oposa 100, ndipo msewu wake sufuna munthu wothamangira nkhomaliro. A Safunsa amalongedza kabudula ndi patapata chifukwa anamva kuti kumpoto kuli nyanja, kenako n'kukapezeka pa Nyika atafunda katani ya pawindo.

Phula lachiwiri ndi chithunzi. Loji iliyonse ya pa intaneti inajambulidwa tsiku lomwe inatsegulidwa, penti asanaume. Pabedi pamakhala thaulo lopindidwa mwaluso, pambali pake duwa la pulasitiki. Chithunzi sichinena kuti matiresi anakumbika pakati moti anthu awiri okwiyirana amadzuka atagwirizana. Sichinena kuti neti ya udzudzu ili ndi zibowo zoti ngakhale mleme ukhoza kulowa osapinda mapiko. Sichinenanso kuti kuseri kwa khoma kuli bala yomwe sipika yake imapuma Lolemba lokha. Pansi pa chithunzicho pamakhala nyenyezi zisanu, ndipo mwa anthu atatu omwe anazipereka, awiri ali ndi dzina la bambo lofanana ndi la mwini loji.

Nthawi zina a Safunsa amaimba ndithu foni, kuti mwambi usawagwire. Kukambirana kwake kumayenda chonchi:

"Halo, achimwene, malo alipo?"

"Alipo, bwana."

"Ndi abwino?"

"Kwambiri, bwana."

"Madzi otentha?"

"Alipo, bwana."

Mnyamatayo sananame ngakhale pamodzi. Malo alipo. Ubwino ndi nkhani ya m'maso mwa munthu. Madzi otentha nawo alipodi, koma ali m'tsogolo. Ali mum'phika womwe sunatsukidwe, pa mafuwa omwe sanayatsidwe, ndipo adzafika pakhomo panu m'ndowa, mmawa, mlonda akadzuka. Giza yomwe munaiona pachithunzi ilipo, yapachikidwa bwinobwino pamwamba pa bafa, koma inamwalira kale, maliro ake sanalengezedwe. Funso la a Safunsa linali loti yankho lake silikanakhala lina koma "eya". Kumeneko si kufunsa ayi, ndi kupempha kuti akutonthozeni.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, malinga ndi kumene mwagona, n'chakuti boma lomweli lili ndi madzi omwe Namalenga amawiritsa yekha osagula nkhuni. Pa Chiweta, pomwe msewu wa M1 umatsika m'mapiri okhotakhota n'kukafika kunyanja, pali akasupe a madzi otentha omwe akatswiri amawawerengera m'gulu la otentha kwambiri m'Malawi muno. Kutentha kwake kumayandikira madigiri 80. Chinsinsi chake n'chakuti dera lonseli lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe nthaka inang'ambika kalekale. Madzi a mvula amalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, amakafika kuya komwe miyala ndi yotentha, kenako amabwerera kumtunda asanazizire. Magetsi azime, makala akwere mtengo, mafuta asowe, akasupewo satseka ndipo satumiza bilu. Ndiye taganizani munthu ali m'bafa ya resitihausi, wadzipaka sopo thupi lonse, akudikira ndowa, pomwe m'boma lomwelo madzi owira akungotayika usana ndi usiku.

Pano ndichenjeze adzukulu a Safunsa. Madzi a madigiri 80 si osamba. Ndi ososolera nkhuku. Munthu akamva zoti akasupe otentha amachotsa kutopa n'kufika pa gwero penipeni, n'kuviika phazi osafunsa, dzina lake lidzalowa m'mwambi watsopano. Anthu a pamalopo amadziwa poyenera kuyandikira ndi posayenera. Funso lake ndi laulere, bandeji ndiye yogula.

Tsono kuli dziko lina lomwe linapatsidwa mphatso yomweyi mochuluka, ndipo linaifunsa kuti, "Kodi iwe tingakuchite chiyani?" Ife Japan timamudziwa ndi ma Sienta ndi ma Vitz omwe adzaza m'misewu yathu, koma kwawoko chomwe amanyadira n'kusamba. Akasupe otentha amawatcha onsen, ndipo alipo masauzande ambiri. Lamulo lawo la mu 1948 linafika pofotokoza kuti madzi otchedwa onsen ayenera kutuluka pansi ali ndi madigiri 25 kapena kuposa, apo ayi akhale ndi mchere wa m'nthaka wa mitundu ina pa mlingo woikika. Pozungulira akasupewa panamera matauni athunthu, monga Kusatsu, Beppu, Hakone ndi Kinosaki, ndipo m'matauniwa muli nyumba za alendo zachikhalidwe zotchedwa ryokan. Ina mwa ryokan za ku Japan, Nishiyama Onsen Keiunkan, inatsegulidwa m'chaka cha 705, ndipo a Guinness World Records amaitchula kuti ndiyo hotela yakale kwambiri padziko lonse. Zaka zoposa 1,300 akulandira alendo, giza yake ili pansi pa nthaka.

Musaganize kuti kumeneko a Safunsa angapulumuke. Ku ryokan phula limadikira pakhomo penipeni. Nsapato zimavulidwa polowera, n'kuvala masilipasi. Masilipasiwo amavulidwanso polowa m'chipinda, chifukwa pansi pake ndi mphasa zolukidwa zotchedwa tatami. Kuchimbudzi kuli masilipasi akeake, ndipo mlendo woiwala n'kutuluka nawo kupita kodyera amakhala atadzilengeza yekha komwe wachokera. Mlendo amapatsidwa mkanjo wopepuka wotchedwa yukata, ndipo povala mbali ya kumanzere iyenera kubwera pamwamba pa ya kumanja. Kuvala mosemphanitsa ndi momwe amavekera maliro. A Safunsa akhoza kulowa m'chipinda chodyera akumwetulira, atadzikonza ngati mtembo, n'kumadabwa kuti anthu aulemuwa akuyang'aniranji pansi.

Bedi musalifunefune. Masana mulibe, madzulo wantchito amabwera kudzayala matiresi pansi. Pamenepa Mmalawi wokulira pamphasa angadandaule kuti wawoloka nyanja zonsezi kudzalipira zomwe agogo ake amapereka ulere. Mtengo nawo umawerengedwa pa munthu, osati pa chipinda, ndipo kawirikawiri umaphatikiza chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Nzeru yathu ija yolipira chipinda chimodzi n'kulowetsa alamu awiri usiku kudzera kuseri siigwira. Chakudya chamadzulo chili ndi nthawi yake, cha m'ma 6 kapena 7 koloko, ndipo chimabwera m'timbale tambirimbiri, kalikonse ndi kanthu kake kakang'ono, moti munthu wozolowera mitanda itatu ya nsima amafika kumapeto akudikirabe kuti chakudya chiyambe. Posamba napo pali mwambo. Munthu amayamba wadzisambitsa ndi sopo pambali, n'kudzitsukuluza, kenako n'kulowa m'dziwe limodzi ndi anthu osawadziwa, opanda chovala chilichonse. Kathaulo sikalowa m'madzi, ambiri amakaika pamutu. Malo ambiri salola munthu wodzilemba zizindikiro pathupi. Madzi osambawo amakhala pa madigiri pafupifupi 40, ndipo ku Kusatsu, komwe amatuluka otentha kwambiri, kuli mwambo wowatakasa ndi matabwa aataliatali kuti azizire popanda kuthiramo madzi ena.

Ndipo eni dzikowo nawonso analidyapo phula. M'chaka cha 2004 zinaululika kuti ku Shirahone, malo otchuka chifukwa cha madzi oyera ngati mkaka, ena ankathiramo mankhwala osintha mtundu chifukwa madziwo anali atayamba kutaya kuyera kwake. Anthu anali akubwerako akusimba za mphamvu ya chilengedwe, chikhalirecho anaviikidwa mu utoto. Nkhaniyi itaphulika, malamulo anakhwimitsidwa, ndipo tsopano malo osambira amayenera kulemba poyera ngati madzi awo ndi osakaniza, otenthetsedwa ndi makina, obwerezedwa, kapena othiridwa kanthu. Choncho Mjapani wochenjera posankha ryokan safunsa kuti, "Madzi otentha alipo?" Amafunsa kuti madziwo akuchokera pansi molunjika kapena akungozungulira m'mapaipi, kuti dziwe lili panja kapena m'nyumba, kuti chakudya amadyera m'chipinda kapena pagulu. Mafunso ake ndi oti munthu sangawayankhe ndi "eya, bwana".

Tibwerere kwathu, pakuti Rumphi ili ndi umboni wakuti ngakhale anthu ophunzira amaphonya posankha pogona. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1875 anamanga ku Cape Maclear. Malowo ndi okongola mpaka lero, ndipo akanakhala ndi foni akanawapatsa nyenyezi zisanu. Udzudzu ndi umene unalemba ndemanga yeniyeni, manda anayamba kuchuluka, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Kumenekonso malungo anawatsatira. Mu 1894 Dr Robert Laws anakwera phiri la Khondowe, ndipo Livingstonia yomwe tikuidziwa lero inakhazikika pamenepo. Zaka 19 kufunafuna malo ogona opanda udzudzu, munthu wake dokotala. Nyumba yake ya miyala, Stone House, ikadalipo, ndipo yakhala ikusunga zinthu zakale komanso kulandira alendo. Koma phirilo linabwera ndi funso lake lomwe mlendo aliyense ayenera kufunsa asanalipire: ndikafikako bwanji? Msewu wakale wa Gorodi, wochokera ku Chitimba, uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20 pamtunda wa makilomita 15 okha. Amene wakwerapo kumbuyo kwa lole kapena pa njinga yamoto amafika pamwamba atalapa machimo onse, ndi a abale ake omwe. Loji ikalemba kuti ili pafupi ndi mathithi a Manchewe, omwe madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125, ikunena zoona. Chomwe sinanene n'chakuti kagalimoto kanu ka m'tauni kakafikako kapena ayi, makamaka mvula ikagwa.

Nanga n'chifukwa chiyani sitifunsa? Ena ndi ulemu. Tinaleredwa kuti mlendo sasuzumira mum'phika, ndiye timachita manyazi kupempha kuona chipinda tisanalipire, kuiwala kuti mlendo wa kwa azakhali ndi mlendo wolipira ndi anthu awiri osiyana. Ena ndi ubwana. Munthu watsika galimoto ya pa ntchito, kiyi akuzunguza pa chala, sangaime n'kufunsa mnyamata wa kabaza, poopa kuti angaoneke wachilendo, pomwe chilendo chake chikuonekera patali. Ena ndi chilankhulo. Afika m'dera la Chitumbuka n'kuuma pakamwa, chikhalirecho "Monire, adada" kapena "Monire, amama" ndi kiyi wokwanira, ndipo "Yewo chomene" amatseka bwino nkhani. Anthu ake Chichewa amachimva, ndipo moni wa m'chilankhulo chawo amawamasula lilime kuposa ndalama.

Ofunsidwa enieni sakhala pa risepushoni. Wa pa risepushoni analembedwa ntchito yonena kuti zonse zili bwino. Funsani wa kabaza, amene amanyamula alendo mmawa ndipo amamva zomwe amang'ung'udza ali kumbuyo kwake. Funsani mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi geti, amene amadziwa loji yomwe alendo amatuluka akudzikanda. Funsani dalaivala wa lole, amene wagona m'resitihausi iliyonse kuyambira pa Bwengu mpaka pa Chitimba ndipo amadziwa komwe nsima imabwera yotentha. Koposa onse funsani mlonda, mutamupatsa ulemu wake. Mlonda amadziwa chipinda chodontha, chitseko chomwe loko wake amatsegulidwa ndi kiyi aliyense, ndi tsiku lomwe jenereta inalira komaliza.

Kafunsidwe nako n'kofunika. Musati, "Madzi otentha alipo?" Nenani kuti, "Madzi otentha amabwera bwanji, ndipo nthawi yanji?" Musati, "Kuli phee?" Nenani kuti, "Loweruka lino kuli ukwati wa ndani?" Musati, "Chakudya cham'mawa chilipo?" Funsani kuti dzira ndi la aliyense kapena ndi la amene wadzuka msanga. Mukalowa m'chipinda, tsegulani mpopi ndi dzanja lanu, gujumulani chimbudzi, tukulani matiresi muone m'mphepete ngati mulibe eni chipinda enieni, nsikidzi. Ndowa yodzaza madzi ikakhala kale m'bafa, musafunsenso za mpopi, ndowayo yayankha. Kandulo ndi machesi zikakhala patebulo, zayankhanso za magetsi. Ndipo ndowa si tchimo. Resitihausi yonena mosabisa kuti, "Kuno timatenthetsa pamoto, 5 koloko madzi akhala pakhomo," n'kuchitadi zomwezo, imaposa loji ya matailosi yomwe shawa yake imangotsokomola.

Mwambiwu usangogwa pa alendo okha. Eni malo ogona nawonso ali ndi magazi a Safunsa. Munthu amamanga zipinda khumi ndi ziwiri, amagula TV ya chipinda chilichonse, amapachika chithunzi cha mathithi a dziko lina pakhoma, koma sanafunsepo mlendo ngakhale mmodzi chomwe amafuna. Akanafunsa akanamva kuti munthu wochoka ulendo wautali amafuna zinthu zinayi: madzi, shiti yochapa, loko wogwira, ndi tulo. Mzungu wokwera ndege kuchokera kutali sabwera kudzadya chipisi chozizira ndi soseji. Akanakondwa ndi kondowole ndi usipa wa lero kunyanja, kapena khofi wolimidwa m'mapiri a Phoka ndi uchi wa ku Nyika pa buledi. Chomwe chimagulitsa ryokan si zachilendo ayi, ndi zakwawo zomwe anazisamalira mpaka zinakhala zodula.

Ndipo pali Safunsa wamkulu kuposa onse, yemwe ndi ife tonse pamodzi. Akatswiri a za nthaka akhala akuloza Chiweta ngati malo omwe kutentha kwa pansi kungathe kupangirapo magetsi, monga momwe Kenya yakhala ikuchitira ku Olkaria kuyambira mu 1981. Zimenezo n'zofuna ndalama zambiri ndi kukumba kozama, tizisiye kwa a mabajeti. Koma dziwe losambira laukhondo, lamadzi oziziritsidwa bwino, mbali ya amayi ndi mbali ya abambo, zipinda zingapo ndi khitchini yophika nsomba, pamsewu waukulu womwe mabasi ndi malole opita ku Karonga ndi ku Songwe amadutsa tsiku lililonse, sizifuna msonkhano wa ku hotela ya ku Lilongwe. Zimafuna kukhala pansi ndi mafumu ndi anthu a pamalopo, omwe akasupewo ndi awo, n'kuwafunsa chomwe angalole ndi chomwe angapindule. Ku Nagano, ku Japan komweko, ngakhale anyani a m'phiri anazindikira ubwino wa madzi otentha, ndipo amakhala m'dziwe nthawi ya chisanu alendo akulipira kuti awajambule. Anyani athu a m'mapiri a Chiweta akadali m'mbali mwa msewu kudikira chitsononkho chogwa m'basi. Nawonso sanafunse.

Pomaliza ndichenjeze za msuweni wake wa Safunsa, amene akuluakulu anaiwala kumuikira mwambi. Uyu amafunsa mopitirira. Amayendera malo asanu, amanunkhiza mapilo, amawerenga zibowo za neti, amafunsa mlonda mbiri ya jenereta kuyambira tsiku lomwe inagulidwa, kenako amati akaganize kaye. Akamaganiza, galimoto zitatu za anthu a wekishopu zimafika ndi ma alawansi awo n'kutenga zipinda zonse za pa boma, zabwino ndi zoipa zomwe. Iye amabwerera ku malo oyamba aja, omwe anawanyoza chifukwa cha ndowa, n'kupeza kuti chipinda chatsala n'chimodzi, choyandikana ndi bala, mtengo wake wakwera, ndipo ndowayo yapita kwa a tcheyamani.